Zala Ziwiri za Dothi

Nyumba ya ku Anyksciai itagulitsidwa
sindinatenge kabati, sindinatenge wotchi ya pakhoma.
Ndinabwereka fosholo kwa wogulayo
n'kukumba peoni wa amayi kuseri kwa chitsime,
mu Seputembala, masamba ake atayamba kuchita dzimbiri.
Muzu unatuluka wopindika, wonunkhira chinyezi,
uli ndi timaso tofiira m'khosi mwake.
Ndinaudula patatu ndi mpeni wa buledi:
gawo la Jolanta, mlongo wanga wa ku Klaipeda,
gawo langa,
lachitatu ndinalibweza m'dzenje lake
kuti malowo asatiiwale msanga.

Zaka makumi atatu ndayendetsa basi mu Panevezys.
Injini ikadwala ndimaimva isanatsokomole,
koma za dothi ndine mlendo.
Ndinaopa chisanu cha Januwale,
chija chimang'amba mapaipi,
chija chimaumitsa mtsinje wa Nevezis mpaka ana kuthamangapo,
choncho ndinakumba mpaka m'chigongono,
ndinafunditsa muzuwo manyowa, udzu, ndi dothi lina pamwamba.

Chaka choyamba, masamba.
Chachiwiri, masamba ochuluka, obiriwira mwamatama.
Chachitatu Jolanta anatumiza chithunzi pa foni:
maluwa asanu ndi awiri,
iye ataima pambali ngati wapambana mlandu.
Sindinamuyankhe mpaka Lachinayi.

Danguole wa kuseri kwa mpanda, woweta njuchi,
amene sapereka moni ntchito isanathe,
anadzagwada pamenepo tsiku lina,
nazika chala m'dothi, kenako dzanja lonse.
"Rimvydas, apa simunabzale. Mwaika maliro.
Maso akewa amafuna zala ziwiri zokha za dothi.
Chisanu mukumubisirachi ndicho chimamudzutsa.
Akapanda kuzizidwa saona chifukwa chochitira maluwa."

Masamba atayoyoka m'mitengo ndinamufukula,
ndinamukweza, ndinayeza ndi zala zanga zonenepazi.
Anakwiya. Peoni sakonda kusamutsidwa,
ndipo ine ndinali nditamusamutsa kawiri.
Chaka china chathunthu anangondiyang'ana.

Chipale chofewa chinagwa, chinasungunuka, chinagwanso.
Usiku wina mazenera anachita kulira ndi kuzizira,
ine chilili m'khitchini, bulangete lakale lili m'manja,
nsapato imodzi nditavala kale.
Ndinakhala pansi.
Ndinavula nsapatoyo.

Mu Epulo mphukira zinaboola dothi,
zofiira psuu, ngati sizidzakhala zobiriwira.
Mu Meyi timitu titatu, tolimba ngati nkhonya za khanda,
nyerere zili piringupiringu pamenepo.
Ndinathamangira botolo la mankhwala,
koma mawu anadumpha mpanda:
"Zisiyeni! Zikungonyambita zotsekemera.
Zikakhuta zidzipita."

Ndiye m'mawa wina wa Juni, masiku aja dzuwa limakana kulowa,
nkhonya imodzi inatambasuka.
Sindinadziwe kuti kanthu kochepa chotero
kangasunge nsalu zambiri motere,
zoyera, zopindapinda, zothimbirira magazi pang'ono pakati.
Ndinaima pamenepo tiyi mpaka kuzizira.

Anakhala masiku asanu ndi anayi.
Usiku wachikhumi kunagwa mvula yamphepo,
ndipo waya wozinga tsinde, uja Danguole ananena kawiri,
unali chikhalire m'galaja.
Ndinapeza mitu itatu yonse itagwadira matope.
Ndinaidula, ndinaitsuka pa mpopi, ndinakutumula nyerere ziwiri zotsala,
n'kuiyandamitsa m'mbale ya supu
monga amayi ankachitira mvula ikawalaka.

Ndinatumiza chithunzi ku Klaipeda.
"Atatu okha?" anatero Jolanta.
Patapita kanthawi anawonjeza:
"Mbaleyo ndi ija yong'aluka m'mlomo?"
Si iyo. Ijayo inapita ndi nyumba.
Ndinamuuza kuti ndi yomweyo.

Akuti wogula uja anathira simenti kuseri kwa chitsime,
poimika galimoto.
Sindinapite kukaona.

Lero ndi Okutobala. Ndadula mapesi mpaka pansi,
ndawotcha masamba kuti matenda asagone m'munda.
Timaso tofiira tikusuzumira, tisanu tsopano,
pafupi kwambiri ndi mphepo,
ndipo fosholo yatsamira mpanda, ikundiyang'ana.
Manja ndawaika m'thumba.